Kapepala Kamene Ndinapatsa Mng'ono Wanga

1

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkaopa kapepala kochepa ngati bokosi la machesi. Ine Stafford Nhlema, bambo wa ana asanu, mlembi wa bwalo la akulu ampingo lija timalitcha seshoni pa tchalitchi chathu cha kufupi ndi Champhira, ndinkatuluka thukuta ndikangomva galimoto ikuchepetsa liwiro pamsewu. Chichewa changa ndi cha kusukulu, pamene chapindika mundikhululukire. M'Chitumbuka ndayesa kangapo kuinena nkhaniyi, pakamwa pakukana.

Linali Lamlungu la mwezi wa Meyi, 1983. Sabata imeneyo dziko lonse linkakondwerera tsiku lobadwa la mtsogoleri wathu, yemwe chithunzi chake chinali m'sitolo iliyonse koma zaka zake palibe ankayerekeza kuziwerenga mokweza. Akuluakulu achipani a m'dera lathu anabwera kudzapemphera nafe. Anadzaza benchi yakutsogolo, tcheyamani wawo, a Bestone Shaba, ali pakati.

Mwambo wathu unali wotere. Mapemphero asanayambe, akulu ampingo tinkakumana m'kachipinda kakumbuyo kotchedwa vesitili, ndipo mlembi ankalemba timapepala ta nyimbo ndi ta mawu owerenga n'kugawira oyenera. Belu likulira, ndinapatsa mng'ono wanga Lyford kapepala kake ka Chipangano Chakale.

"Yewo, akulu," anathokoza m'Chitumbuka, n'kukalowetsa m'Baibulo osakayang'anitsitsa n'komwe.

Abale inu, Lyford ankawerenga! Akatsegula pakamwa, ngakhale makanda ankaleka kulira. Tsikulo anawerenga ndime yodziwika ija yonena za ubwino wokhala awiri, kuti wina akagwa mnzake amamudzutsa. Ndimeyi timaimva pa ukwati uliwonse, ndipo aliyense amadziwa kuti imathera pa vesi 12. Lyford anasuzumira kapepala kake, n'kupitirira. Vesi yotsatirayo imakamba za mfumu yokalamba imene yaleka kumva malangizo, ndipo imaiika pansi pa mnyamata wosauka koma wanzeru.

A Shaba anatola chipewa chawo n'kutuluka, benchi yonse pambuyo pawo.

2

Lolemba m'mawa kunabwera Landirova ya anthu aboma. Lyford anamupeza kumunda akuimika mikukwe ya chimanga ndi mkazi wake Towera, amene ife timamutchula kuti NyaChisi. Sanamulole ngakhale kusamba m'manja. Anangomuuza kuti atenge jekete, ndipo anatenga lomwe lija anavala kutchalitchi dzulo lake.

Ine anandiimitsa pakhonde panga. Mmodzi wa iwo, wolankhula Chichewa chosalala cha m'chigawo chapakati, anatulutsa kabuku.

"Inu ndinu mlembi?"

"Ndine, bwana."

"Munamulembera kuti awerenge mpaka pati?"

"Mpaka vesi 12, bwana. Anangopitirira yekha. Mwana ameneyu mawu ake amamukomera, akayamba safuna kusiya."

"Kapepalako kali kuti?"

"Kali ndi iyeyo."

Anakutumula Baibulo la Lyford tsamba ndi tsamba, anatembenuza mphasa, anakhuthula ngakhale dengu la ufa. Sanakapeze. Landirova itanyamuka, NyaChisi anaithamangira mpaka pamlatho mwana ali kumsana, n'kubwerera ali wefuwefu, misozi osatuluka.

Seshoni inakumana Loweruka la sabata lomwelo, aliyense akuopa mnzake. Tinagwirizana kuti Lyford adulidwe mu mpingo chifukwa cha kudzikuza ndi kusamvera. Kalata yomutumiza kusukulu ya ubusa, imene inali itasainidwa kale, inang'ambidwa pomwepo. Zonsezi ndinazilemba ndine m'buku lalikulu la seshoni, ndi dzanja langa lokongola lija aliyense ankaliyamikira.

3

Kwathu kuno ana ndi a kuchimuna, ndiye mng'ono wako akachoka, mkazi wake ndi ana amakhala m'manja mwako. Ndinawatenga. Munda wa Lyford ndinkayamba kuulima wanga usanakhudzidwe. Fodya wake wa masamba ang'onoang'ono uja ndinkatunga pa ulusi limodzi ndi NyaChisi mpaka zala kuda bii. Mwana wawo woyamba, Kezia, ndinkamukweza pa njinga kupita naye kusukulu mitsinje ikadzaza.

Anthu anayamba kunditchula m'maulaliki. "Taonani a Nhlema," ankatero abusa. "Chikondi cha pa abale ndi chimenecho." Ine pampando wa mlembi ndinkangoweramitsa mutu, iwo n'kumati onani kudzichepetsa kwake.

Ntchito yowerenga mawu inagwera ine. Ndinali nditailakalaka kwa zaka zambiri, koma nditaipeza lilime linkalemera ngati la munthu wa malungo. Ndikuwerenga, abambo ankatsokomola, amayi akukonza mipango kumutu.

Chaka chachiwiri NyaChisi anandiumiriza kuti ndimuperekeze ku Mzimba boma tikafunse. Ananyamula bulangete ndi mtedza wokazinga m'kathumba. Tinakhala pabenchi ya ofesi ina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pomaliza kalaliki anatiuza kuti dzina limenelo sakulidziwa. Tikutuluka tinakumana ndi a Shaba pakhomo. Anandigwira phewa.

"Alembi, musadandaule. Tikudziwa kuti inu ndinu munthu wabwino. Kapepala kaja kakadzapezeka, dzina lanu lidzayera pamaso pa aliyense."

"Yewo chomene, a tcheyamani," ndinayankha.

M'basi pobwerera NyaChisi anamasula kathumba kaja n'kundipatsa mtedza. Ndinadya mtedza wa Lyford kuchokera ku Mzimba mpaka kwathu, chifukwa kukana ndikananena kuti chifukwa chiyani?

Koma choopsa kuposa zonse chinali Lachitatu masana. NyaChisi ankabwera ndi ana ake anayi kuti ndiwatsogolere pemphero.

"Alamu, pemphani chomene kuti abwere wamoyo. Inu Mulungu amakumverani."

Ndinkagwada. Pakamwa ndinkati, Ambuye mubwezeni. Mumtima munali mawu ena, ndipo ndikuwalemba pano: asabwere. Akabwera, abwera ndi kapepala.

Kuulula kwa abusa? Ndani akanayerekeza! Masiku amenewo mawu onenedwa m'vesitili Loweruka ankakhala atafika kuboma Lolemba lisanathe. Kusiya mgonero? Ine ndi amene ndinkanyamula mbale ya mkate, anthu akanafunsa kuti alembi atani. Kusamuka? NyaChisi ndi ana ndikanawasiyira yani? Ndiye ndinkangodya mkatewo miyezi itatu iliyonse.

Mkazi wanga Enifa ankandiyang'ana ndikubowola lamba bowo lina. "Adada a Matthews, mukuwonda bwanji chonchi? Kodi kundendeko kuli inu kapena alamu?"

Ndinamukalipira kuti asamale pakamwa pake. Kukalipa ndinkakutha ndithu masiku amenewo.

4

Mu Ogasiti 1989 kondakitala wa basi anabweretsa uthenga wakuti Lyford wamasulidwa, atsika pa Jenda Lachinayi. NyaChisi anadzigwetsa pansi n'kumagubuduzika pafumbi akufuula yewo, yewo, yewo. Ine ndinazembera kuseri kwa khola.

Ndinakamudikira ndi njinga. Basi itaima ndinamudutsa osamuzindikira. Panali kamdala ka imvi, kopanda mano akutsogolo, katavala jekete lomwe lija.

"Akulu," kanatero.

Mawu aja anali atatha. Kunangotsala kunong'ona kokanda ngati khasu pamwala.

"Wabwera, Lyford."

"Ndabwera."

Anakhala pakaliyala. Ulendo wonse ndinkamva jeketelo likukhudza msana wanga, ndipo pa chitunda chilichonse ndinkati alankhula tsopano. Iye anangofunsa za mvula ya chaka chatha, za ng'ombe yake ya mawanga, ndi kuti Kezia ali sitandade chani.

Miyezi itatu inatha osanena kanthu. Ankandipatsa moni mwaulemu. Ankadya kwathu. Pamaliro a kwa aneba anaimirira n'kundithokoza pamaso pa anthu chifukwa chomusungira banja. Jekete lija ankalivala kulikonse, ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo maso anga sankachoka pathumba lake. Ndinkalakalaka atangonditema ndi nkhwangwa zithe.

Kenaka seshoni inagamula. Mgonero wa Novembala unali pafupi. Ngati Lyford akufuna kubwezeretsedwa mu mpingo, aimirire pamaso pa akulu ampingo Loweruka, avomereze ndi pakamwa pake tchimo la kudzikuza, ndipo mlembi alembe m'buku.

5

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Ubusa ndinaufunsira ine poyamba. Kawiri, ndipo kawiri konse anandikana. Zaka khumi ndi chimodzi ndinali ndikusesa vesitili, kulemba mfundo, kupalasa njinga kukaika maliro kumidzi kumene abusa sankafika. Lyford anangobwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi wailesi ndi mawu akewo, zaka zitatu zisanathe akulu ampingo akuti woitanidwa ndi ameneyu. Kalata yomuyamikira anauza ine kuti ndilembe. Ndinalemba kuti ndi wodzichepetsa, wokonda Mawu, wosakwiya msanga, ndipo zonsezo zinali zoona. Chimenecho ndicho chinkandiwawa kwambiri. Ndikanamupeza ndi mowa kapena ndi mkazi wa mwini, ndikanapumula.

Nsanje, abale. Ndiitchule dzina lake. Lyford sanandilande munda, sananditukwane, sanandidutse panjira osandipatsa moni. Anangopatsidwa chimene ine ndinkachifuna. Ngakhale Enifa wanga, tsiku lina ndikumulankhula pabwalo la tchalitchi, anandikwezera dzanja. "Dikirani kaye, alamu ayamba nyimbo." Iye anaiwala pomwepo. Ine mawu amenewo ndinayenda nawo chaka chathunthu.

Lamlungu lija wolalikira anali a Zondwayo Lungu, mlaliki wopuma, wogontha khutu limodzi. Anandipatsa mawu awo a m'Chipangano Chatsopano n'kunena kuti, "Enawo sankhani nokha, alembi, alionse okamba za kukondana." Ndinatsegula ndime ija ya ubwino wokhala awiri. Diso langa linatsikira pa vesi ya pansi pake. Ndinasuzumira pazenera n'kuona a Shaba ndi anthu awo akulowa pachipata. Ndinalemba 9 mpaka 13.

Sindinalakwitse. Ndinaima kaye, ndinaganiza, ndinalemba. Ndipo kapepalako ndinakasunga m'manja mpaka belu litayamba kulira, kuti asapeze mpata wotsegula Baibulo. Ndinkati amukalipira, kalata ya ubusa iimitsidwe chaka chimodzi, adziwe kuti nayenso ndi munthu ngati ife. Za Landirova sindinaziganize. Kapena ndinaziganiza n'kutseka maso, mpaka lero sindidziwa.

6

Lachisanu masana, seshoni ili mawa lake, ndinamupeza kumunda akupanga mizere. Ankalima mizere iwiri n'kukhala pansi kuti apume. Jekete anali atalipachika pachitsa.

"Lyford, kapepala kaja kali kuti?"

Anatsamira khasu lake. "Miyezi itatu, akulu. Ine ndimati mufunsa pa Jenda pomwe paja."

"Kali kuti?"

"Ndinadya. Kanali m'thumba la jekete. Landirova isanafike pamsewu waukulu ndinanamizira kutsokomola, mbwenu ndameza."

Ndinakhala pamzere. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuopa chinthu chimene chinatha tsiku loyamba lomwe! Ndipo taonani kuipa kwanga, pomwepo ndinayesa kuthawiranso kubodza.

"Mwina unaona kuti ndinangolakwitsa nambala, ndiye unati undipulumutse."

"Inu? Zaka khumi ndi chimodzi simunalakwitsepo nambala ngakhale ya nyimbo. Nditafika pakati pa vesi ija ndinamva chimene pakamwa panga pankanena, koma kuima pamenepo kukanakhala kuipiraipira. Ndinakweza maso. Tchalitchi chonse chinkayang'ana ine. Inu nokha munkayang'ana nsapato zanu."

"Nanga bwanji sunanene? Anakumenya, anakugulula mano."

"Anandifunsa za inu masabata awiri. Ndikanakutchulani, akanatitenga tonse. Ana asanu kwanu, anayi kwathu, akanawalimira ndani? Musandiyese mngelo, akulu. Zaka zitatu zoyamba ndinkakupemphererani imfa. Ndinakusiyani panja kuti mundilerere ana."

Ndinalira mokweza, mamina ali chuchuchu, munthu wa zaka makumi asanu. "Mawa ndiulula," ndinatero. "Ndikaimirira ndine pamaso pa seshoni, osati iwe."

"Simuchita zimenezo." Anandigwira pamkono ndi zala zake zowondazo mpaka ndinamva kuwawa. "Mukaulula Loweruka, Lolemba Landirova ili pano. Atenga inu chifukwa cholemba, atenganso ine chifukwa chowanamiza. Zaka zanga zisanu ndi chimodzi mukufuna muzitaye kuti inu mtima upepuke? Ndapota, akulu. Mwanditengera zambiri kale, izi zokha ndisiyireni."

"Ndiye nditani?"

Anatola khasu lake. "Mukalembe bwinobwino, monga mumalembera."

7

Loweruka Lyford anaimirira m'vesitili chipewa chili m'manja. Ine ndinali patebulo, buku lili chitsegukire.

"Ndinadzikuza," ananong'ona. "Mawu anga anandikomera, ndinapitirira pamene akulu anga anandilembera."

Akulu ampingo akumbuyo sanamve, ndiye abusa anamuuza kuti abwereze. Anabwereza.

"Alembi, mwalemba?"

"Ndalemba, abusa."

M'mawa mwake ndinayenda ndi mbale ya mkate benchi ndi benchi. Nditafika pa iye anatenga kachidutswa kake, anandiyang'ana m'maso, n'kunena chapansipansi, "Yewo, akulu."

Anamwalira mu 1992 ndi chifuwa chimene anabwera nacho kundende. Zinthu m'dziko muno zinasintha iye atagona kale. Kuti anandikhululukira kapena ayi sananene, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

8

Owerenga anzanga, makamaka inu okhala mipando yakutsogolo m'tchalitchi, ine ndalemba mayina a anthu ambiri odulidwa mu mpingo. Oledzera, a mitala, atsikana otenga mimba. Wodulidwa chifukwa cha nsanje sindinalembepo ngakhale mmodzi, chifukwa nsanje sinunkha mowa ndipo mimba yake sioneka. Imavala jekete, imafika m'mawa belu lisanalire, ndipo nyimbo zonse imazidziwa pamtima. Mnzanu akamayamikiridwa m'mimba mwanu n'kutentha, mukauze Mulungu tsiku lomwelo, ndi dzina lake lenileni. Ine yanga ndinaitcha changu cha pa ntchito ya Ambuye, ndipo ndinaisunga mpaka inandigwira dzanja m'vesitili muja.

Lero Landirova ija kulibe, ndiye chimene Lyford anandiletsera chinatha. Chatsala ndi mantha anga okha. Zaka zitatu tsopano ndakhala ndikupita kwa NyaChisi kuti ndikanene. Ndikafika amandiyalira mphasa, amaitana mdzukulu wake amene anamutcha dzina lakuti Stafford kuti adzandipatse moni, ndipo ndimabwerako nditakamba za mvula ndi feteleza. M'buku la seshoni bodza lija likadalimo, lolembedwa mokongola.

Magazini ino imafika pa Jenda. Ndikudziwa kuti Kezia, amene tsopano ndi mphunzitsi, amaigula n'kumawerengera mayi ake pakhonde Lamlungu masana. Mayina sindinasinthe ngakhale limodzi.

Kezia mwana wanga, ndikudziwa kuti umayamba wawerenga wekha. Usabise tsamba ili, ndapota. Ukawawerengere amayi ako mokweza, ndipo ukafika pa gawo la nambala 5 usadumphe. Ine ndidzakhala pakhonde panga, sindipita kulikonse. Uwerenge mpaka pamene ndalekezera kulemba, monga anachitira adada ako.